Sopo kumatako si mankhwala a mwana wodzimbidwa

Kuno ku Luangwa Boma, pamene mtsinje wa Luangwa umathira mu Zambezi, Okutobala akafika ngakhale mbuzi zimathawira pamthunzi. Nthawi yotentha imeneyi ife a pa wailesi timamva dandaulo lomwelomwelo kwa azimayi achitsikana: mwana watha masiku anayi osachita chimbudzi, akanjuta amangolira. Malangizo a pakhomo tonse timawadziwa. Ambuya amati cheka kasopo umuike kumatako, ena amati mupope madzi a zitsamba. Ife tikuti njira zimenezi tizisiye.

Ambuya sachita izi mwankhanza, ndipo n'zoona kuti sopo amatulutsa chimbudzi tsiku lomwelo. Koma amapsereza mnofu wofewa wa mkati, ndipo chopopera chingathe kuboola matumbo. Choipa china n'chakuti mwana amayamba kuopa chimbudzi. Akamva kuwawa kamodzi, ulendo wina amadzigwira. Matumbo aakulu ntchito yake ndi kuyamwa madzi, choncho chimbudzi chikakhalitsa m'mimba chimauma, chimakula, ndipo chimapweteka koposa potuluka. Ukawonjezera thukuta la m'chigwa chathu chino, vuto limakula msanga.

Pali china chimene ambiri timalakwitsa. Mwana wa zaka zisanu akamadetsa kabudula pang'onopang'ono, timati ndi ulesi, timamukwapula. Nthawi zambiri chimakhala chimbudzi chamadzi chimene chikudutsa m'mbali mwa cholimba chotsekereza njira, ndipo iye samva n'komwe kuti chatuluka. Ena timaganiza kuti watsegula m'mimba, pamene kwenikweni wadzimbidwa.

Chofunika kuchita sichifuna ndalama zambiri. Mwana azimwa madzi owiritsa kapena othira Klorin tsiku lonse, apite ndi botolo kusukulu. Nsima ya roller meal ili ndi gaga wambiri kuposa ya breakfast, ndipo gagayo amafewetsa chimbudzi. Delele, chibwabwa, nyemba, papaya ndi mango zisamasowe m'mbale, m'malo momudzaza ma Jiggies ndi mabisiketi a pa kantemba. Masau athu ndi abwino, koma tiziyang'anira kuti ana asameze nthangala, chifukwa zikachuluka zimatseka njira.

Tionenso chimbudzi cha pakhomo ndi maso a mwana: dzenje lalikulu, mdima, ntchentche. Wamng'ono timugulire poto. Akatha kudya, akhalepo mphindi zisanu, mapazi ali pansi, popanda kumukalipira kapena kumuseka.

Khanda losakwana miyezi 6 limafuna bere lokha. Loyamwa bwino, likapitirira mwezi umodzi lingathe masiku angapo osachita chimbudzi, ndipo ngati chikutuluka chofewa, palibe chifukwa cholipatsa madzi, phala kapena zitsamba.

Koma pali zizindikiro zosafunika kudikira. Khanda likatha maola 48 chibadwire osachita chimbudzi chakuda chija, mimba ikatupa ndi kulimba, mwana akasanza zobiriwira, akatuluka magazi kapena akamaonda, tithamangire kuchipatala cha pa Boma kapena ku Katondwe Mission. Ngakhale popanda zizindikiro zimenezi, vuto likatha milungu iwiri tikaonane ndi anamwino. Pali mankhwala ofewetsa chimbudzi monga lactulose, ndipo mlingo wake ayenera kutiuza ndi iwo, osati mnzathu wa pa WhatsApp.

Ambiri a ife tangoyamba kumene kulera, ena tikusunga ang'ono athu. Kutsutsa ambuya n'kovuta, koma sitifunika kukangana nawo. Tsiku la sikelo tiwapemphe atiperekeze, amve okha kwa anamwino. Akamvetsa iwo, mawa ndi iwo omwe adzaletsa mnansi wobwera ndi kasopo m'manja.