Chisanu cha m'mapaipi a gasi

Mlimi wa mbatata ya kachewere ku Tsangano kapena ku Furancungo sadikira wailesi kuti imuuze za chisanu. M'mwezi wa Juni kukada kumwamba kuli mbee, mphepo itangoti zii, iye amadziwiratu kuti kukacha masamba apsa kudimba. Nawo akatswiri a gasi ali ndi chisanu chawo chimene amayenera kuchilosera chisanagwe.

Gasi wochokera pansi pa nthaka amatuluka ndi madzi pang'ono. Akapanikizika kwambiri m'paipi pamalo pozizira, madziwo amagwirana ndi gasi n'kusanduka zibuluma zoyera ngati matalala. Pachingerezi amati hydrate. Chodabwitsa n'chakuti zibulumazi zimapangika ngakhale kuzizira kusanafike poumitsa madzi wamba. Amene anatulukira kuti zimenezi ndizo zinkatseka mapaipi a ku America ndi E. G. Hammerschmidt, m'chaka cha 1934.

Nkhaniyi ndi yathu ndithu. Kuyambira 2004 gasi wa ku Pande ndi Temane, m'chigawo cha Inhambane, amayenda m'paipi ya makilomita 865 mpaka ku Secunda, m'dziko la South Africa. Ku Cabo Delgado, chombo cha Coral Sul chinayamba kutumiza gasi kunja mu Novembala 2022. Zitsime zake zili pansi pa nyanja yakuya mamita pafupifupi 2,000, kumene madzi amazizira chaka chonse. Paipi ikatsekeka kumeneko ntchito imaima, ndipo ndalama zolowa m'thumba la boma zimachepa.

Ngozi iliponso. Amisiri akachepetsa mphamvu ya gasi mbali imodzi yokha ya chotsekacho, chibuluma chimathamanga m'paipi ngati chipolopolo, ndipo chingathe kung'amba paipi ndi kupha munthu. Mu Meyi 2010, ku Gulf of Mexico, chivindikiro chachikulu chimene anatsitsa kuti chigwire mafuta otayika pachitsime cha kampani ya BP chinakanika chifukwa chodzaza zibuluma zomwezi.

Nanga amalosera bwanji? Amayesa kuzizira kwa malo, kupanikizika kwa gasi, mtundu wa gasiyo ndi kuchuluka kwa madzi. Mu 1945 Donald Katz anakonza tchati chosonyeza malire pamene zibuluma zimayambira, koma masiku ano masamuwo amachitikira pakompyuta. Akaona kuti malire ayandikira amaumitsa gasi, amafunditsa mapaipi, kapena kuthiramo mankhwala a methanol ndi glycol oletsa kuundana.

Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Dziko limene lalandira chuma cha gasi liyenera kukhala ndi ana ake odziwa mavuto a gasiyo, apo ayi ntchito zonse zidzagwiridwa ndi alendo. Makolo a ku Macanga ndi Tsangano asalole kuti mwana wokonda masamu ndi sayansi asiye sukulu pofuna ganyu yonyamula matumba a mbatata pamsika wa m'malire.