Wailesi ya bambo itapsa, William adabwerera ku buku

Tikamayendera makalabu a achinyamata kuno ku Dowa ndi Ntchisi, pali mawu amene timawamva kawirikawiri: "Ine zidandikanika basi." Wina sadakhoze mayeso a MSCE. Wina adayamba geni ya tomato, mpamba wonse n'kuthera mwa anthu otenga pangongole. Kalabu ina idalima dimba, mbuzi n'kudya ndiwo zonse, ndipo kuchokera tsiku limenelo palibe amene amafunanso kumva za dimba. Tikamva zotere timathamangira kunena kuti "musafooke, limbikirani," kenaka timatchula dzina la William Kamkwamba. Koma tikuona kuti nkhani yakeyi timaifotokoza mothamanga. Timayamba ndi mnyamata wotola zitsulo kudzala, n'kulumphira pa mnyamata wokwera ndege, zapakati zonse n'kuzisiya. Lero tikufuna tikambe zapakatizo.

William ndi mwana wakwathu konkuno. Adabadwira ku Dowa m'chaka cha 1987, kenaka makolo ake adasamukira m'mudzi wa Masitala kwa Wimbe, m'boma la Kasungu, komwe adayamba ulimi wa chimanga ndi fodya. Atalemba mayeso a Sitandade 8 sadasankhidwe kusukulu yogonera komweko yomwe ankailakalaka. Adapita ku sekondale yoyendera ya Kachokolo. Nako sadakhalitse. Njala ya 2001 mpaka 2002 idasesa chilichonse pakhomo pawo, ndipo bambo ake adalephera kulipira fizi yomwe inali pafupifupi madola 80 a ku America pachaka.

Apa tiime pang'ono. Kusiya sukulu kumeneku sikudali kulephera kwa William. Mwana sayambitsa njala. Tikunena izi chifukwa m'makalabu mwathu muli anzathu amene adasiya sukulu makolo atamwalira, kapena chifukwa chodwazika matenda pakhomo, ndipo mpaka lero amayenda chozolika ngati adalakwa ndi iwo. Ayi, simudalakwe.

Kulephera kwake kwenikweni kudayamba atayamba kuyesa zinthu. Ku sukulu ya pulayimale ya Wimbe kudali kalayibulale kakang'ono. Kumeneko adapeza mabuku a sayansi, lina la mutu wakuti Explaining Physics ndi lina lakuti Using Energy lomwe pachikuto pake padali chithunzi cha makina opukusidwa ndi mphepo. Chingerezi chimamuvuta, choncho ankayamba waonetsetsa zithunzi, kenaka n'kumafufuza mawu amodziamodzi. Zipangizo ankatola pa esiteti yakale ya fodya pafupi ndi sukulu yomwe adachotsedwa ija: fani ya thirakitala ndi zitsulo zina. Anzake ankamuonera pawindo n'kumamuseka. Ena ankati wapenga, ena ankati akusuta chamba.

Atapeza dayinamo ya njinga, adafuna kuiyesa pa wailesi ya bambo ake. Atapukusa, m'wailesimo mudatuluka utsi wakuda. Tangoganizani, pakhomo poti ndalama ya fizi palibe, iwe n'kuotcha wailesi ya bambo! Ambiri a ife tikadalekera pomwepo, kapena tikadati dayinamoyo njoipa. William adabwerera ku buku kukafufuza chomwe chalakwika. Adazindikira kuti mphamvu ya dayinamo idaposa imene wailesi imafuna, ndipo adaphunzira kuti magetsi akadutsa m'waya wautali mphamvu yake imachepa. Adakulunga waya pakamtengo, n'kuyesanso.

M'chaka cha 2002, ali ndi zaka 14, makina ake adaima pa nsanja ya mitengo ya bulugamu ndipo babu lidayaka anthu akuona. Ambiri nkhaniyi amaithera pamenepa, koma mavuto adali asadathe. Tcheni cha njinga chinkaduka kapena kuguluka mphepo ikakula, ndipo pochikonza chidamuvulaza dzanja. Sadapitirize kumangobwezera tcheni chomwecho ayi. Adachichotsa, n'kuikapo lamba wakale wa pachigayo. Tsiku lina denga la chipinda chake, lomwe mitengo yake idadyedwa ndi chiswe, lidagwa ndipo mawaya adakhudzana. Pakadapsa nyumba. Atachita mantha ndi zimenezi adapanga kachipangizo kodula magetsi kokha mawaya akakhudzana, pogwiritsa ntchito misomali, waya ndi maginito.

Zina zidakanika mpaka kalekale. Adapanga pampu ya madzi ya mapaipi, koma inkalimba kwambiri popopa mpaka anthu adaisiya. Adayesanso kupanga mpweya wophikira powiritsa ndowe za mbuzi mumphika wa mayi ake. Moto sudayake, chomwe adapindula ndi mkwiyo wa mayi basi. Ndipo mvula itavutanso, ena m'deralo adayamba kunena kuti makina akewo ndi amene akuthamangitsa mitambo.

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Nzoona, koma kudekha kokha sikukadakonza wailesi ija. Chomwe tikuona mwa William n'chakuti chinthu chikalephereka ankafunsa kuti chalephereka pati, ndipo poyesanso ankasinthapo kanthu. Ife tikamauza wachinyamata kuti "limbikira" osamuthandiza kupeza pomwe padalakwika, timangomutumiza kukagwa pamalo omwewo kachiwiri. Wobwereza Folomu 4 amene sadziwa ngati adagwa chifukwa cha masamu, chifukwa chojomba nthawi yosoka fodya, kapena chifukwa chosowa nyali usiku, akungotaya fizi ina. Wa tomato uja ngati sadayambe kulemba ongongola m'kope, mpamba wachiwiri udzapita komwe udapita woyamba.

Palinso china chimene sitiyenera kubisa. William sadachite yekha zimenezi. Dayinamo ija adamugulira ndi mnzake, mwana wa amfumu. Msuweni wake adali naye pa ntchito yonse. Mayi oyang'anira layibulale ankamuthandiza mawu ovuta. Iye mwini adali membala wa kalabu ya achinyamata yophunzitsana za HIV ndi Edzi kwa Wimbe, ngati mmene mulili inumu. Ndipo padapita zaka zinayi makinawo akuzungulira dziko lisakudziwa, mpaka m'chaka cha 2006 pamene a Dr. Hartford Mchazime, a bungwe lomwe linkayang'anira layibulale ija, adafika ndi kuitanitsa atolankhani. Nyuzipepala ya Daily Times idalemba nkhani yake. Apa mpamene adabwerera kusukulu, ku sekondale ya Madisi konkuno ku Dowa, ali ndi zaka 19, atakhala pakhomo pafupifupi zaka zisanu. Anthu amakonda kukamba za msonkhano wa TED ku Arusha m'dziko la Tanzania mu 2007, za sukulu ya African Leadership Academy ku Johannesburg, za digiri ya ku Dartmouth College ku America mu 2014, za buku la 2009 ndi filimu ya 2019. Ife chimatigwira mtima kwambiri ndi cha ku Madisi chija: mnyamata wamkulu kuvomera kukhalanso pa desiki ndi ana oti ndi ang'ono ake.

Tisanamizane, si aliyense wa ife amene adzafikiridwe ndi atolankhani. Kwa Chakhaza, kwa Kayembe, kwa Malenga ndi kwa Kalumo kuli achinyamata anzeru ngati William amene palibe adzawajambule. N'chifukwa chake tikupempha makalabu kuti agwire ntchito imene adagwira mnzake wa dayinamo uja. Pamsonkhano wanu wotsatira, mukatha sewero ndi nyimbo, patulani mphindi makumi awiri. Membala mmodzi afotokoze chinthu chimene chidamukanika. Ena musaseke, ndipo musathamangire kumulimbitsa mtima. Mufunseni mafunso mpaka mupeze pomwe padaduka, kenaka muone ngati pakati panu pali amene ali ndi buku, mpanda wa dimba, nyali, kapena ola limodzi la masamu loti amupatse.

Ena mwina mukufunsa za pampu ija. Cholinga cha William kuyambira pachiyambi chidali madzi othirira, kuti pakhomo pawo azikolola kawiri pachaka ndi kuiwala za njala. Madziwo adafika atabwerako ku Arusha, anthu akufuna kwabwino atathandiza kukumba chitsime chakuya, ndipo pampu yake inkayendera mphamvu ya dzuwa.