Ndale Nazonso Nzofunika Kuziphunzira

Tsiku lina la msika pa Nsanama ndidakumana ndi mkulu wina nkhope ili gwaa. Mwana wa mlongo wake, mtsikana amene ndidamphunzitsa ku pulayimale, adali atasankhidwa kupita ku Yunivesite ya Malaŵi ku Zomba kukachita maphunziro a ndale ndi kayendetsedwe ka boma. M'malo monyadira, mkuluyo adati, "Aphunzitsi, mwana uja tamtaya. Anzake akukaphunzira unamwino ndi ulimi, iye akukaphunzira bodza. Kodi ndale nzopitira kusukulu?" Maganizo otereŵa ndaŵamva kwa makolo ambiri, ngakhalenso kwa aphunzitsi anzanga. Ine ndikutsutsana nawo kotheratu, ndipo ndifuna kuti inu ophunzira mumve zifukwa zanga.

Gwero la kusamvetsaku lili m'liwu lenilenilo. M'chinenero chathu, kumtchera munthu ndale ndiko kumkola mwendo kuti agwe. Nchifukwa chake ambiri akamva za maphunziro a ndale amaganiza kuti ana akukaphunzira kugwetsana. Zoona zake nzakuti wophunzira wa phunziroli amafufuza kumene mphamvu zolamulira zimachokera, malire ake, ndiponso m'mene msonkho umasonkhetsedwera ndi kugaŵidwa. Amaphunzira chifukwa chake boma lili ndi nthambi zitatu, ya pulezidenti ndi nduna zake, Nyumba ya Malamulo ndi makhoti, ndi kuti nthambizi zimayang'anirana bwanji. Amasanthula maganizo a anthu monga Aristotle, Montesquieu ndi Julius Nyerere. Kodi sing'anga wophunzira za malungo timati akukaphunzira kufalitsa malungo?

Ife amene tidachita maphunziro a uphunzitsi m'nthaŵi ya chipani chimodzi tikudziŵa kuŵaŵa kwa kusadziŵa zinthu zimenezi. Tidaphunzitsa ana kumvera ndi kuombera m'manja, koma kufunsa sitidaŵaphunzitse, pakuti ifenso tinkaopa. Ngakhale pa Chancellor College pakamwa padali potseka: mu 1987 mphunzitsi wa pamenepo, Jack Mapanje, adatsekeredwa ku ndende ya Mikuyu popanda kuzengedwa mlandu mpaka 1991. Pa 14 June 1993 Amalaŵi adasankha nyali kusiya tambala wakuda, ndipo mu 1994 tidachita chisankho cha zipani zambiri. Ufulu tidaulandira, koma kagwiritsidwe kake sitidakaphunzire. Tidali ngati munthu amene wapatsidwa ngolo ndi ng'ombe zake asanaphunzire kugwira chingwe.

Zotsatira zake tikuziona kuno kwathu. Funsani anthu pa Nsanama, pa Ntaja kapena pa Ulongwe kuti ntchito ya phungu ndi yotani. Ambiri adzakuuzani kuti ndi kugula mabokosi a maliro ndi kupereka galimoto yonyamula odwala. Komatu ntchito yake ndi kupanga malamulo, kuimira anthu ake ndi kulondoloza ndalama za boma. Mu 1998 padakhazikitsidwa lamulo la maboma aang'ono lofuna kuti mphamvu zitsikire kwa anthu kudzera m'makhonsolo. Komabe kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lino lidakhala lopanda makhansala, ndipo m'midzi mwathu odandaula adali oŵerengeka. Tikadadandaula bwanji pamene sitinkadziŵa chimene tidalandidwa? Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Mjigo ukafa, mlatho ukasiyidwa panjira, timangoti ndi m'mene zimakhalira.

Ena amati maphunziro ameneŵa ngoika moyo wa mwana pachiswe. Iwo amakumbukira za mu February 2011, pamene mkulu wa apolisi, Peter Mukhito, adaitanitsa mphunzitsi wa zandale pa Chancellor College, Blessings Chinsinga, kukamfunsa za zimene adaphunzitsa m'kalasi. Mphunzitsiyo adafanizira kusoŵa kwa mafuta ndi ndalama zakunja kuno ndi mavuto amene adautsa anthu ku Tunisia ndi ku Egypt. Aphunzitsi anzake adanyanyala ntchito kwa miyezi yambiri, anayi adachotsedwa, koma pambuyo pake adabwezeretsedwa. Kwa ine nkhaniyi ndi umboni wakuti phunziroli nlamphamvu. Olamula sataya tulo chifukwa cha chinthu chachabe. Tikaletsa ana athu chifukwa cha mantha, ndiye kuti tabwerera kumene tidachoka mu 1993.

Taganiziraninso za pa 3 February 2020, pamene khoti lidafafaniza zotsatira za chisankho cha pulezidenti cha 2019, nkugamula kuti wopambana azipeza mavoti oposa theka. Nkhani yaikulu chotere idafunika anthu oitanthauzira pa wailesi ndi m'midzi kuti tisagwirane pakhosi chifukwa cha mphekesera. Anthu otero sagwa kuchokera kumwamba. Amasulidwa m'kalasi.

Nanga za ntchito? Sindikunamizani, ntchito m'dziko muno nzosoŵa, ndipo vutoli silisankha kuti uyu adaphunzira chiyani. Koma makhonsolo, maofesi a boma, bungwe loyendetsa zisankho, nyumba zofalitsa nkhani ndi maofesi a akazembe zonsezi zimafuna anthu odziŵa kayendetsedwe ka boma. Ndivomerezanso kuti amene adaba ndalama za boma ku Capital Hill mu 2013 adali anthu opita kusukulu. Koma mankhwala a mbava yophunzira ndi nzika yophunzira imene ingathe kuŵerenga ndondomeko ya chuma nkufunsa kuti ndalama zapita kuti. Umbuli sudagwirepo wakuba.

Sindikunena kuti nonse muthamangire phunziro limodzi. Anamwino, alangizi a zaulimi ndi aphunzitsi tikuŵafuna kwambiri, pajatu mutu umodzi susenza denga. Koma namwino sangachize popanda mankhwala, ndipo mankhwala amafika pa chipatala chifukwa cha zimene zagwirizanidwa ku Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe. Mtengo wa feteleza, kuchuluka kwa mabuku m'kalasi mwanu ndi malipiro a aphunzitsi anu, zonsezi ndi ndale. Ungazithaŵe ndale, koma izo zidzakupeza m'khonde mwako.

Tsono inu amene mukukonzekera mayeso a Fomu 4, ngati mtima wanu ukukhumba phunziroli, musachite nalo manyazi. Yambani lero kuŵerenga malamulo aakulu a dziko lino, makamaka gawo lonena kuti mphamvu zonse zolamulira zimachokera kwa anthu. Mvetserani zokambirana za aphungu, ndipo pakakhala msonkhano wa chitukuko kwa amfumu, pitani mukamve. Mkulu uja wa pamsika ndidamuuza kuti amleke mtsikanayo apite ku Zomba. Tsiku lina mlatho wa kwawo ukadzasiyidwa panjira, mwina ndi iyeyo amene adzadziŵe khomo loyenera kugogoda ndi funso loyenera kufunsa.