Mayi Bethune ndi sukulu ya atsikana asanu

Tiyeni tikumbukireko Mayi Mary McLeod Bethune a ku America. Anabadwa mu 1875 ku Mayesville, m'chigawo cha South Carolina, mwana wa nambala 15 mwa ana 17. Makolo awo anakhalapo akapolo.

Atamaliza maphunziro ankafunitsitsa kubwera kuno ku Africa ngati mmishonale, koma akuluakulu a mpingo wa Presbyterian anawakana. Choncho mu 1904 anatsegula sukulu ku Daytona, ku Florida, m'manja ali ndi dola imodzi ndi theka basi. Ophunzira anali atsikana asanu. Mabokosi otayidwa ndiwo anali madesiki, makala a nkhuni ndiwo mapensulo, inki ankachita kufinya ku zipatso zakutchire. Ndalama zoyendetsera sukulu ankazipeza pogulitsa makeke a mbatata. Chimene chimandigwira mtima ine n'chakuti anayamba ndi atsikana, pa nthawi imene ambiri ankati mtsikana wakuda ntchito yake n'kuchapa zovala za azungu. Sukulu ija lero ndi Bethune-Cookman University.

Ntchito yawo sinathere m'kalasi. Analimbikitsa amayi akuda kukalembetsa m'kaundula wa zisankho, ngakhale a gulu la azungu atsankho la Ku Klux Klan ankawaopseza. Mu 1935 anayambitsa bungwe la amayi akuda la National Council of Negro Women, ndipo Pulezidenti Franklin Roosevelt ankawafunsa nzeru pa nkhani za achinyamata akuda. Anamwalira mu 1955. Mu 2022 chiboliboli chawo chinaimikidwa ku Capitol, nyumba ya malamulo ya dziko la America, mu Washington, kuimira Florida, m'malo mwa cha mkulu wa asilikali amene anamenya nkhondo ku mbali yoteteza ukapolo.