Chivomezi Si Napolo: Aphunzitsi Aleke Kungolembetsa Notsi

Funsani mwana wa Fomu 2 chimene chimagwedeza dziko, adzakuyankhani monga momwe adalembera m'kope: matanthwe a pansi pa nthaka amathyoka n'kusuntha. Mukamufunsenso madzulo kwawo, ali pamkeka ndi agogo ake, mudzamva kuti ndi Napolo amene akusamuka, kapena kuti dzuŵa linaŵala mopitirira masana. Mwanayu ali ndi mayankho aŵiri, lina la mayeso, lina la mumtima. Mlandu umenewu ngwa aphunzitsi, ndipo tiunena mosapsatira mawu.

Mphunzitsi amene amadzaza bolodi ndi notsi, osafunsa n'komwe zimene ana amva kumudzi, amasiya maganizo olakwawo ali chikhalire. Woipa koposa ndi uja amaseka mwana akatchula Napolo. Mwanayo amangotseka pakamwa, chikhulupiriro chake n'kupita nacho kunyumba chamtunthu. Chikhala kuti anafunsidwa mwaulemu, akadathandizidwa kuona kuti zimene zidasakaza Phalombe mu 1991 zinali madzi ndi miyala yotsika m'phiri mvula itagwa yambiri, pamene chivomezi chimachokera pansi penipeni, makilomita ambiri, kumene mvula ndi dzuŵa sizifika.

Zophunzitsira sizisoŵa. Nyanja ya Malaŵi ili mumng'alu waukulu wa Rift Valley, ndipo mbali zake ziŵiri zikutalikirana mamilimita ochepa chaka ndi chaka. Mpatseni mwana ndodo youma aipinde pang'onopang'ono. Idzalimba, idzalimbabe, kenaka idzathyoka mwadzidzidzi, manja ake n'kunjenjemera. Basi, phunziro lalowa. Kodi zimenezi zikufuna ndalama za Boma?

Ena adzati nkhaniyi njochepa, ana akhoze mayeso basi. Aiŵala msanga. Pa 10 Malichi 1989 chivomezi chidapha anthu 9 ku Salima, ndipo zikwizikwi adagona panja. Mu Disembala 2009 dziko lidagwedezeka mobwerezabwereza ku Karonga, anthu 4 n'kutaya miyoyo. Ana ambiri amaopa kuti nthaka idzatseguka n'kuŵameza, chonsecho chimene chidavulaza anthu ku Karonga ndi makoma a nyumba ogwa. Mwana woopa nthaka amathamangira pakhomo, kumene anzake makumi asanu ndi limodzi akupanikizana; mwana wodziŵa za makoma amaloŵa pansi pa desiki n'kuphimba mutu.

Auzeninso kuti palibe katswiri aliyense, ngakhale a Geological Survey ku Zomba, amene angatchule tsiku la chivomezi. Wolengeza tsiku ndi wabodza, kaya wavala tayi kaya wanyamula nsupa. Ndipo adziŵe kuti chivomezi cha muyeso wa 6 sichiposa cha 5 pang'ono chabe ayi. Mphamvu zake nzochuluka pafupifupi ka 32.

Inu oyendera sukulu, mukafika m'kalasi musamangoŵerenga makope. Imitsani mwana mmodzi, mumufunse chimene angachite dziko litayamba kugwedezeka pompo, muone kumene aloze.