Nkhondo ya m'Kanema ndi Nkhokwe za ku Mambwe

Pa 20 November 1983, anthu pafupifupi 100 miliyoni ku America anaonera kanema wochedwa The Day After, woonetsa mabomba a nyukiliya akugwa pa Kansas City ndi anthu a m'tauni ya Lawrence akufa ndi poizoni wace. Caka cotsatira a BBC anatulutsa wao, Threads, wonena za mzinda wa Sheffield ku Britain. Akanemawa sanapite pacabe. Ronald Reagan analemba m'buku lace kuti The Day After anamsiya ali wokhumudwa kwambiri, ndipo mu 1987 iye ndi Mikhail Gorbachev anasaina pangano lophwasula mizinga ina ya nyukiliya.

Koma mlimi wa kwa Jumbe, kwa Nsefu kapena kwa Msoro, ataonera akanemawa, sangadzipezemo. Olemba nthano za nkhondoyi aiona ngati moto wa m'mizinda ya azungu. Ngakhale Nevil Shute, amene m'buku lace On the Beach la 1957 anakumbukira kuti kumwera kwa dziko kulinso anthu, anaika anthu ace ku Melbourne, kumene akhala kuyembekezera mphepo ya poizoni. Ca kumapeto kwa Threads opulumuka aoneka akugaula nthaka ndi makasu, opanda thirakitala, opanda magetsi, ndipo woonera ayenera kunjenjemera kuti dziko latha. Ku cigwa ca Luangwa khasu lomwelo ndilo ladyetsa mabanja kuyambira makolo! Cimene kanemayo ananena zoona, cimene mlimi ayenera kucisunga mumtima, ndi dzuwa lophimbika ndi zokolola zosakwana.

Mizinda ikapsa, utsi wace ukwera kupyola mitambo, kumene mvula singautsuke, nuchinga dzuwa kwa zaka zingapo. Dziko likazizira, nyanja zitulutsa nthunzi yocepa, mvula nayonso nicepa. Mu 2022 akatswiri otsogozedwa ndi a pa yunivesite ya Rutgers anawerengera kuti nkhondo yotere pakati pa America ndi Russia ingaphe ndi njala anthu oposa 5 biliyoni, ambiri a iwo okhala kutali ndi kumene bomba lagwa.

Anthu a Mambwe adziwa bwino maonekedwe a cimanga cofota cisanabereke. Anaciona mu 1992, anacionanso mu 2024 pamene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza cilala kukhala tsoka la dziko pa 29 February. Zaka zimenezo thandizo linabwera cifukwa maiko ena anali atakolola. Dzuwa likaphimbika pa dziko lonse, boma lililonse lidzatseka nkhokwe yace, ndipo feteleza ndi mafuta odzera ku Dar es Salaam ndi ku Beira sadzafika ku Chipata, nanji ku Mfuwe. Kanema wa nkhani imeneyi sangakhale ndi moto wocititsa cidwi, koma mai wakuyang'ana m'nkhokwe yopanda kanthu m'mwezi wa August.

Komatu Africa anali m'nkhaniyi kuyambira paciyambi. Uranium wambiri wa bomba la Hiroshima la pa 6 August 1945 anakumbidwa ku Shinkolobwe, ku Katanga, kutsidya kwa malire a Copperbelt, ndi manja a anthu akuda olamulidwa ndi atsamunda a Belgium. Boma la tsankho la ku South Africa linapanga mabomba 6 mobisa, m'zaka zomwe Zambia inali kusunga omenyera ufulu. F.W. de Klerk anaulula zimenezi mu March 1993, mabombawo ataphwasulidwa kale.

Mu 1996 maiko a Africa anasaina Pangano la Pelindaba loletsa zida zimenezi pa nthaka yao. Mu 2019 Zambia inasainanso pangano la United Nations loletsa zida za nyukiliya pa dziko lonse, limene Malawi analivomereza mwalamulo mu 2022. Pa misonkhano ya nthambi m'midzi, phungu wa Malambo ayenera kufunsidwa za panganoli monga momwe afunsidwira za mseu, za mtengo wa thonje ndi za njobvu zoononga minda.