Anamenyera dziko, munda n'kulandidwa

Sabata yatha magetsi atazima, ndinagona chagada n'kumawerenga pa foni mbiri ya munthu yemwe dzina lake sindinalimvepo ngakhale ku yunivesite: Joseph Plumb Martin. Pofika pakati pa usiku, tulo tinali titandithawa.

Martin anabadwa mu 1760 ku Massachusetts, ndipo analeredwa ndi agogo ake ku Milford, m'dera la Connecticut. Mu 1776, ali ndi zaka 15 zokha, analowa usilikali kukamenya nawo nkhondo yoti America ichoke m'manja mwa Britain. Tangoganizani, msinkhu wa mwana wa Fomu 2! Agogo akewo poyamba anakana, koma mnyamatayo anauma khosi mpaka anamulola.

Kupatula miyezi yochepa yomwe anabwerera kwawo, anakhala msilikali mpaka 1783. Njala ndi chisanu cha ku Valley Forge anaziona ndi maso. Mu 1781 anali ku Yorktown, ali sajeni, pomwe asilikali a Britain anagonja.

Mwina mukuti atapambana anayamba kudya bwino, eti? Ayi ndithu.

Nkhondo itatha anapita ku Maine, n'kuyamba kulima malo a maekala 100. Mu 1794 anakwatira Lucy Clewley, ndipo banjali linadalitsidwa ndi ana asanu. Koma panatulukira munthu wonena kuti malowo, pamodzi ndi dera lonselo, ndi ake. Munthuyo sanali Mngelezi ayi. Anali Henry Knox, mmodzi wa akuluakulu a gulu lankhondo lomwelo limene Martin anavutikira. Knox anali ndi mapepala, Martin anali ndi khasu basi. Anamuuza kuti alipire madola 170, ndalama zomwe sanathe kuzipeza. Pofika 1818 analibenso malo.

Chaka chomwecho boma linakhazikitsa lamulo lopereka penshoni kwa asilikali akale osauka. Kuti ulandire, unkayenera kulumbira kuti ndiwe wosowa. Bambo wa ana asanu, womenyera ufulu wa dziko, anakaima pamaso pa akuluakulu n'kuvomera umphawi wake. Anam'patsa madola 96 pa chaka, patapita zaka 35 nkhondo itatha.

Chomwe chinandigwira mtima n'chakuti sanangokhala n'kumadandaula. Anakhala mlembi wa tawuni ya Prospect kwa zaka zoposa 20, ndipo mu 1830 anatulutsa buku lofotokoza moyo wa msilikali wamba, osaikapo ngakhale dzina lake. Bukulo silinayende malonda. Iye anamwalira mu 1850 ali ndi zaka 89. Litasindikizidwanso mu 1962, akatswiri a mbiri analikumbatira, moti lero ofuna kudziwa zomwe asilikali wamba ankadya ndi kuvala amathamangira kwa Martin.

Komatu bukulo limathera pomwe nkhondo ya mfuti inathera. Nkhondo inayo, ya pakhomo, yolera ana asanu munda ukutha, anamenya limodzi ndi Lucy, ndipo m'bukumo mulibemo.

Apa m'pomwe ndinadzimvera chisoni. Foni yanga ili ndi zithunzi zankhaninkhani, koma mulibe mawu a agogo anga ngakhale a mphindi imodzi. Sindinawafunsepo kuti munda womwe timadyawu anaupeza bwanji, kapena ngati uli ndi mapepala.

Loweruka likubwerali ndikupita kumudzi, foni itadzaza moto. Ndikayambira kwa agogo aakazi.